Altezza RS200, RX-8, Fairlady Z kapena Legacy B4: Iti Ndi Yoyenera Kuisunga Zaka Zambiri?

Mitengo ya magalimoto othamanga a ku Japan a m'zaka za m'ma 1990 inakwera mpaka kutisiya ambiri m'mbuyo. Nissan Skyline GT-R ya R34 yosamalika bwino masiku ano imagulidwa ndi ndalama zopitirira madola 100,000, ndipo Toyota Supra ya turbo ndi Mazda RX-7 zikulowera komweko. Komabe alipo magalimoto ena a nthawi yomweyo ndi a kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, opangidwa ndi luso lalikulu ndithu, amene sanalandire ulemu wowayenera, moti ena timawaona tsiku ndi tsiku ku Lilongwe, Blantyre ndi Lusaka mabampa atamangidwa ndi waya. Anayi mwa iwo ndi Toyota Altezza RS200, Mazda RX-8, Nissan Fairlady Z ya Z33, imene kunja kwa Japan imatchedwa 350Z, ndi Subaru Legacy B4 RSK. Onsewa chiwongolero chawo chili kumanja, ndipo mtengo wawo munthu wapantchito angathe kuufikira. Funso ndi lakuti, ngati muli ndi ndalama za galimoto imodzi yokha yoti muzisangalala nayo ndi kuisunga zaka khumi kapena kuposerapo, muyenera kusankha iti?

Zoyenera kuyeza musanasankhe

Mtengo umene mumauona pa tsamba la wogulitsa ku Japan ndi chiyambi chabe. Pamwamba pake pali ndalama ya sitima kukafika ku Dar es Salaam, Beira kapena Durban, ulendo wa pamsewu kukafika pa chipata cha Songwe, Mwanza kapena Dedza, kenako msonkho wa MRA, umene umakwera malinga ndi kukula kwa injini ndi zaka za galimoto. Chofunika kuchimvetsa msanga ndi chakuti ndalama za sitima ndi za msonkhozi simudzazibweza kwa wogula wa kunja, chifukwa iye amayerekeza galimoto yanu ndi ina yonga yomweyo imene ili pa okushoni ku Japan. Musanyengedwenso ndi mtengo wa makwacha. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, aliyense wokhala ndi galimoto anaona ngati yake yakwera mtengo, pamene kwenikweni ndalama ndi imene inachepa mphamvu. Phindu kapena kutaya muziwerengera m'madola.

Pa kupezeka, funso si lakuti dzinalo likupezeka, koma mtundu weniweni umene osonkhanitsa magalimoto amaufuna. Pafupifupi nthawi zonse mtunduwo ndi wa giya ya manual, wa injini yamphamvu kwambiri pa gulu lake, wosasinthidwa kanthu, wokhala ndi mapepala osonyeza mbiri yake. Pepala la okushoni limapereka giredi monga 3.5, 4 kapena 4.5 (nambala ikakwera ndiye kuti galimoto ndi yosamalika kwambiri), ndipo chilembo cha R chimasonyeza galimoto imene inakonzedwapo itachita ngozi. Chikalata chotulutsira galimoto m'dziko la Japan chimalemba makilomita amene anawerengedwa pamene galimotoyo inkayezedwa ndi boma, choncho ndi umboni wabwino woti mita sinabwezedwe. Palinso lamulo la ku America lolola kulowetsa galimoto iliyonse imene yakwanitsa zaka 25, ndipo lamuloli limakweza mitengo ya magalimoto amene sanagulitsidwepo kumeneko. Pa anayi athuwa likukhudza Altezza RS200 ndi Legacy B4 RSK, pamene RX-8 ndi 350Z anthu a ku America ali nazo kale zambirimbiri.

Pa kasamalidwe, dzifunseni ngati alipo makaniko amene amaidziwa injiniyo m'dera lanu, ngati masipeya ake mungawapeze ku Malangalanga kapena ku Ndirande, kapena mpaka kuyitanitsa kunja ndi ndalama zakunja zosowazi. Ganiziraninso za petulo. Magalimoto onsewa anapangidwira petulo wapamwamba wa ku Japan, amene okiteni yake (muyeso wa momwe petulo amapiririra kupanikizidwa mu injini osaphulika msanga) imayandikira 100, pamene ngakhale ku South Africa wapamwamba ndi wa 95. Petulo wa ku Malawi wakhala akusakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982, ndipo ethanol amakoka chinyezi galimoto ikakhala miyezi osayenda, zimene zimabweretsa dzimbiri m'thanki ndi kuumitsa mapaipi akale a labala. Galimoto yosunga iyenera kumayenda ndithu, osati kungofundidwa chilona.

Toyota Altezza RS200

Altezza inatuluka mu October 1998 ndipo inapambana mphoto ya galimoto yabwino ya chaka ku Japan. Anatsogolera ntchito yoipanga ndi Nobuaki Katayama, amene anagwiraponso ntchito pa Corolla ya AE86, ndipo cholinga chinali galimoto ya zitseko zinayi yokankhidwa ndi matayala a kumbuyo, yopikisana ndi BMW 3 Series. Kuno kwathu inapatsidwa mbiri ya galimoto ya anyamata aphokoso, ndipo mbiri imeneyi ndi imene yabisa ubwino wake.

Mtengo. Poyamba muyenera kusiyanitsa mitundu iwiri imene ogulitsa ambiri amangoitchula dzina limodzi. AS200, ya nambala ya chasisi yoyamba ndi GXE10, ili ndi injini ya masilinda asanu ndi limodzi ya 1G-FE, ya mphamvu ya mahatchi 160 pa muyeso wa ku Japan. Ndi yofatsa, yolimba, koma si imene osonkhanitsa akuifuna, chifukwa inagulitsidwanso ku Ulaya ndi dzina la Lexus IS200. RS200, ya chasisi ya SXE10, ili ndi injini ya masilinda anayi ya 3S-GE BEAMS, imene Toyota inapanga mothandizana ndi Yamaha. Ya manual ya magiya asanu ndi limodzi imatulutsa mahatchi 210 injini ikazungulira ka 7,600 pa mphindi, ndipo mavalavu ake ndi a titanium, pamene ya automatic imatulutsa 200. RS200 ya manual imadula kuposa Altezza zina zonse, koma popeza injini yake ndi ya malita awiri okha, msonkho wake ndi wopepuka poyerekeza ndi wa Fairlady Z.

Kupezeka. Altezza zilipo zambiri ku Malawi ndi ku Zambia, koma zochuluka ndi za automatic ndipo zatopa. RS200 ya manual yosasinthidwa ikusowa ngakhale ku Japan komweko, chifukwa inasiya kupangidwa mu 2005, zambiri zinathera pa masewera otereretsa galimoto pokhota, ndipo injini zake pamodzi ndi giyabokosi zimazulidwa kukaikidwa m'magalimoto akale monga AE86. Kuyambira kumapeto kwa 2023 zoyamba kupangidwa zinayamba kuloledwa ku America, kumene injini imeneyi sinagulitsidwepo mu galimotoyi. Nthawi zina ndi chanzeru kufufuza kaye imene ili kale m'dziko muno, ya mwini mmodzi wachikulire, kusiyana ndi kuyitanitsa.

Kasamalidwe. Apa ndi pamene Altezza imaposa zinzake zonse. Mabuleki, mashoko, magalasi, nyali ndi zitseko zimapezeka mosavuta chifukwa zambiri n'zofanana ndi za AS200, ndipo makaniko aliyense wodziwa Toyota sachita nayo mantha. Lamba wa taimingi asinthidwe pa makilomita 100,000, kapena msanga ngati wakhala zaka zambiri, pamodzi ndi pampu ya madzi. Masipeya a mkati mwa injini ya BEAMS okha ndi amene amafuna kuyitanitsa, chifukwa injiniyi ndi yosiyana ndi zina za banja la 3S zimene zili mu RAV4 kapena Noah yakale.

Chiopsezo. Chodziwika kwambiri ndi ma ball joint a pansi a kutsogolo, amene akatha amatha kuduka galimoto ikuyenda, tayala n'kupindikira mkati. Pa misewu ya maenje ngati yathuyi, musagule musanaikweze pa jeke: gwirani tayala pamwamba ndi pansi, ligwedezeni, ndipo onani ngati labala wophimba jointiyo wang'ambika ndi kutaya girizi. Ngakhale zitaoneka zabwino, asintheni onse awiri ndi enieni a Toyota mukangogula. Tsegulaninso buti, chotsani kapeti ndi tayala la sipeya, muone ngati chitsulo cha pansi chili ndi makwinya kapena zowotcherera zatsopano. Altezza zambiri zimapakidwa penti yonyezimira pofuna kubisa ngozi, chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Chinanso n'chakuti injiniyi ilibe mphamvu zambiri ikamazungulira pang'onopang'ono, choncho wofuna galimoto yokankha msana akangoponda angakhumudwe. Kukoma kwake kumayamba singano ikadutsa 5,000.

Mazda RX-8

Mtengo. Pa anayiwa, RX-8 kawirikawiri ndi imene imatchipa pogula, ndipo kutchipako kuli ndi chifukwa. Anthu amaopa injini yake ya rotary, yopanda mapisitoni, imene m'malo mwake ili ndi ma rotor awiri ooneka ngati a ngodya zitatu ozungulira m'chipinda. Pa mapepala injiniyi ndi ya 1,308 cc, koma mayiko amaiwerengera msonkho mosiyanasiyana, choncho funsani a MRA musanatumize ndalama. Petulo imamwa ngati injini yaikulu kwambiri: makilomita asanu ndi awiri pa lita m'tauni si chinthu chachilendo.

Kupezeka. Inapangidwa ku Hiroshima kuyambira 2003 mpaka June 2012, ndipo zonse pamodzi zinapitirira 190,000, choncho wamba sizidzasowa msanga. Zoyamba za automatic ya magiya anayi, za injini ya mahatchi 210, n'zoyenera kuzipewa. Type S ya manual inkatulutsa 250, injini n'kumafika pa 9,000. Zofunidwa kwambiri ndi zopangidwa kuyambira 2008, pamene Mazda inawonjezera kampopi kachitatu kothira oyilo pa rotor iliyonse, makamaka Type RS ndi Spirit R yotsanzikira nayo, imene inapangidwa 2,000 zokha.

Kasamalidwe. Injiniyi imawotcha oyilo mwadala kuti afewetse timipeni ta m'ngodya za rotor totchedwa apex seal, kotero mwini wake ayenera kumayang'ana oyilo pafupipafupi ndi kuwonjezera. Makoyilo, mapulagi ndi mawaya ake zimatha msanga, ndipo zikafooka petulo wosapsa amawononga catalytic converter (chipangizo choyeretsa utsi cha m'ekizozi), kenako injini yomwe. Siyenera kuzimitsidwa isanatenthe, chifukwa imatha kudzaza petulo n'kukana kulira. Mwachitsanzo, kuitulutsa m'galaja kuti muitsuke n'kuizimitsa pomwepo ndi njira yachidule yoitanira makaniko.

Chiopsezo. Injini ikataya compression (mphamvu yopanikiza mpweya mkati mwake) palibe chochita koma kuitsegula yonse, ndipo odziwa ntchito imeneyi ndi osowa kwambiri kuno kwathu. Ambiri ali ku South Africa, kumene injini za rotary zili ndi okonda ake kuyambira kale. Poyesa galimoto, iyendetseni mpaka itenthe bwino, izimitseni, dikirani mphindi zochepa, kenako iyatseninso. Ikamavutikira kulira ili yotentha pamene m'mawa inalira kamodzi, dziwani kuti injini yatopa. Muyeso weniweni umafuna makina apadera opereka manambala atatu pa rotor iliyonse, ndipo malire a Mazda ndi 6.9 kgf/cm² injini ikamazunguliridwa ka 250 pa mphindi. Wogulitsa wokana muyeso umenewu musiyeni.

Ngakhale zili choncho, ndiyenera kunena kuti pa kakhotedwe ndi kamvedwe ka chiwongolero RX-8 ndi yokoma kuposa zina zitatuzi, ndipo ili ndi mbiri imene zinzake zilibe. Ndi galimoto yomaliza ya Mazda imene injini ya rotary inkazunguza matayala, yochokera ku kampani imene inapambana mpikisano wa Le Mans mu 1991 ndi injini ya mtundu womwewu. Rotary imene inabwerera mu MX-30 mu 2023 ntchito yake ndi kupanga magetsi basi. Zaka zikubwerazi RX-8 zambiri zidzafa kapena kuikidwa injini za Toyota, ndipo zochepa zotsala ndi injini yakeyake zidzakhala ndi ogula.

Nissan Fairlady Z

Mtengo. Z33 inatuluka mu 2002 ngati chizindikiro cha kudzukanso kwa Nissan pansi pa mkulu wake wa nthawiyo, Carlos Ghosn. Injini yake ndi V6 ya 3,498 cc, ndipo kukula kumeneku n'kumene kumaipweteka pa chipata, chifukwa msonkho wake umatha kusandutsa galimoto yotchipa ku Japan kukhala yodula kuposa zonse pa mndandandawu. Matayala a kumbuyo ndi aakulu kuposa a kutsogolo, amadula, ndipo sakhalitsa.

Kupezeka. Zilipo zambiri ku Japan, ku Britain ndi ku South Africa. Injini zake zinali za mitundu itatu: VQ35DE yoyamba ya mahatchi 280, ina ya 2005 yowonjezeredwa mphamvu imene inatchuka ndi kudya oyilo, ndi VQ35HR ya 2007 ya mahatchi 313, imene mungaizindikire ndi chotupa chapakati pa boneti. Ya HR ya manual ndi imene ili ndi tsogolo. Nismo Type 380RS, imene inapangidwa 300 zokha, mtengo wake unakwera kale.

Kasamalidwe. Injini ya VQ ndi yolimba, imagwiritsa ntchito tcheni m'malo mwa lamba, ndipo abale ake ali mu Murano, Elgrand, Fuga ndi Skyline ya V35, kotero amakaniko ambiri aionapo. Giyabokosi za zaka zoyamba zimakukuta polowa magiya ena, timamota ta mawindo timafa, ndipo pa HR silinda ya klatchi imene ili mkati mwa giyabokosi ndi magasiketi a njira za oyilo kuseri kwa chivundikiro cha taimingi zimafuna kuyang'aniridwa.

Chiopsezo. Ili ndi mipando iwiri yokha, buti yake yadulidwa pakati ndi chitsulo cholimbitsira thupi, ndipo ndi yotsika moti hampu iliyonse ndi nkhondo. Chifukwa zinapangidwa zambiri, mtengo wa wamba sungakwere mofulumira.

Subaru Legacy B4 RSK

Mtengo. B4 RSK ya chasisi ya BE5, yopangidwa kuyambira 1998 mpaka 2003, imakhala mumthunzi wa Impreza WRX STI, ndipo chifukwa cha chimenechi imatchipa kwambiri poyerekeza ndi zimene ili nazo: injini ya malita awiri ya maturbo awiri, mahatchi 280 pa manual ndi 260 pa automatic, matayala onse anayi okoka, ndi mashoko a Bilstein.

Kupezeka. Sinapangidwepo ya chiwongolero cha kumanzere chifukwa turbo yachiwiri inatenga malo, choncho ku America ndi yachilendo ndipo ikuyamba kulowa tsopano. Mitundu yapadera ndi Blitzen, yokongoletsedwa mothandizana ndi Porsche Design, ndi S401 ya 2002, yokonzedwa ndi STI, nthambi ya Subaru ya magalimoto a mpikisano. Za manual zosamalika zatsala zochepa.

Kasamalidwe. Maturbo ake amagwira ntchito molandizana: yoyamba imakoka injini ikamazungulira pang'ono, yachiwiri imalowa cha m'ma 4,000, ndipo pakati pake mphamvu imagwa pang'ono. Kulandizanaku kumayendetsedwa ndi timapaipi ta mpweya tambirimbiri ndi ma solenoid (timavalavu toyendera magetsi), ndipo pa galimoto ya zaka zoposa makumi awiri timapaipi timeneti tauma. Makaniko akasokoneza tiwiri tokha, galimoto imataya mphamvu ndipo kupeza vuto kumatenga masiku. Matayala onse anayi ayenera kukhala ofanana kukula ndi kutha kwake, apo ayi difu yapakati imawonongeka, choncho kugula tayala limodzi la kaunjika likaphulika sikungatheke.

Chiopsezo. Petulo ndiye mdani wamkulu. Subaru itayamba kugulitsa galimotoyi ku Australia mu 2001 ndi dzina la Liberty B4, inachepetsa mphamvu yake kuchoka pa makilowati 206 (omwe ndi mahatchi 280 aja) kufika pa 190 pofuna kuigwirizanitsa ndi petulo wa kumeneko. Imene mungayitanitse ku Japan sinachepetsedwe, ndipo ikapondedwa kwambiri ndi petulo wa okiteni yotsika tsiku lotentha la October, injini imagogoda mpaka kuwononga mapisitoni ndi mabeyaring'i. Kompyuta ya injini iyenera kukonzedwanso ndi katswiri kuti igwirizane ndi petulo amene muli naye.

Iti ya ndani?

Ngati mumakhala ku Malawi kapena ku Zambia, muli ndi banja laling'ono, ndipo galimotoyo idzakhala yokhayo pakhomo, sankhani Altezza RS200 ya manual. Ndi yokhayo pa anayiwa imene mungaisunge zaka khumi osadalira katswiri wa kutali, ndipo ogula ake alipo m'dziko muno ndi kunja komwe. Ndikukupemphani chinthu chimodzi: musaidule masipuling'i, musaiboole ekizozi, ndipo malimu ake, wailesi yake, mpira wachitsulo wa pa giya ndi mamita ake ooneka ngati wotchi ya pamkono zikhale momwe zinabwerera. Mukasintha kanthu, choyambiriracho chisungeni m'nyumba pamodzi ndi malisiti onse. Ngati mwapeza AS200 kapena RS200 ya automatic yosamalika, ndi galimoto yabwino yoyendera, koma musailipire mtengo wa galimoto yosunga.

Ngati muli ndi galimoto ina ya tsiku ndi tsiku, galaja yotseka, ndalama yapadera yokwanira kutsegula injini kamodzi, komanso njira yofikira akatswiri a ku Johannesburg, RX-8 ya 2008 kupita m'tsogolo ya manual ndi imene ingakubwezereni kwambiri pa chisangalalo, ndipo mwina pa mtengo. Wopanda chimodzi mwa zinayizi asayese.

Abale okhala ku South Africa, kumene malamulo salola kuyitanitsa magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito mwachisawawa, njira yawo yosavuta ndi 350Z ya HR yogulidwa konko, popeza misewu ikuluikulu, petulo wa 95 ndi masipeya zonse zilipo. Okhala ku Britain aonetsetse tsiku limene galimoto inalembetsedwa: RX-8 kapena 350Z yolembetsedwa kuyambira pa 23 March 2006 imalipira msonkho wapamsewu wapamwamba kwambiri chifukwa cha utsi wake, pamene yolembetsedwa tsikuli lisanafike imalipira wocheperapo. Ayang'anenso dzimbiri pansi pa zitseko ndi mozungulira matayala a kumbuyo, chifukwa mchere wothiridwa m'misewu nthawi yozizira umadya magalimoto a ku Japan mofulumira. Okhala ku Zimbabwe akumbukire kuti mu 2021 boma linaika chiletso pa kulowetsa magalimoto opitirira zaka khumi, choncho afufuze lamulo limene likugwira ntchito panopa, kapena asake imene ili kale m'dzikomo.

Legacy B4 RSK ndi ya munthu amene amakonda kugwira sipanala yekha, amene amayenda maulendo aatali a nyengo ya mvula monga a kukwera Chiweta kapena Dedza, ndipo ali wokonzeka kuyamba ndi kusintha timapaipi tonse ta mpweya, lamba wa taimingi ndi sensa yoyeza mpweya wolowa mu injini, kenako kukonzetsa kompyuta, asanaiponde mpaka pansi. Ngati mwapeza ya 2001 kupita m'tsogolo, ya manual, ya giredi 4 pa pepala la okushoni, ndipo katswiri wa Subaru muli naye pafupi, itengeni. Ngati katswiriyo mulibe, ndalamazo zipite ku Altezza.